Pano Timasula

Lolemba

Livu yayamba. Akuofesi akaimba sindiyankha. Sabata ino ndine wosula zitsulo, basi.

Chipala changa chaima kuseri kwa nyumba kuno ku Dambwa, pakati pa mtengo wa mango ndi mpanda wa ba Mulenga, neba wanga. Ndamanga ndekha. Kosi sindinapite, satifiketi ndilibe, mphunzitsi wanga ndi foni ndi maso awiriwa. Zimene zilipo:

- diramu ya mabuleki a lole, ndiyo ng'anjo, yakhala pa miyendo itatu
- paipi yolowetsa mpweya kunsi kwake
- chidutswa cha njanji chomenyerapo (ba Mulenga anapuma nacho ntchito, sindinafunse zambiri)
- hamala, pulayala yaitali, thumba la makala
- makina oumitsira tsitsi a akazi anga, amake Dali, opemerera moto. Eni ake sakudziwa.

Ndikupanga nkhwazi. Yachitsulo, mapiko otambasula, yoti munthu akaiona avule chipewa. Mlamu Mubita, mlongo wawo wa amake Dali, amayendetsa takisi, ndipo akuti Loweruka abwera ndi mayi wina wa loji ya kumtsinje amene amagula zokongoletsa.

Amake Dali nawo aika lamulo la Loweruka lomwelo, lokhudza zitsulo zanga: "Batate ba Dali, pa Chiweru ngati simugulisa kanthu, visimbi vonse vichoka. Apo nifuna khola ya nkhuku."

Nkhuku! Pamalo a luso! Ndavomera pamaso pa mlamu. Ine sindizungulira ngati njira ya kumanda, ndikanena ndanena.

Lachiwiri

Moto wayaka! Makina a tsitsi akulira, makala akuthetheka, sipulingi ya galimoto yafiira ngati phwetekere, kenako ngati papaya. Ndaiika pa njanji, ndamenya. Yathawa m'pulayala, yadutsa pafupi ndi khutu langa, yakatera m'dimba la repu. Repu wapsa pang'ono. Sindinena.

Mzungu wa m'foni amamenya katatu, mpeni watuluka. Ine ndamenya mpaka dzanja kuchita dzanzi, mlomo wa nkhwazi ukuoneka ngati supuni. Iye ali m'shedi mozizira atavala juzi. Abwere adzayese Okutobala wa kuno, phula likufewa mumsewu, iwe uli pa moto!

Wodutsa wina wasuzumira pa geti: "Ba weluding'i, mwachoma bwanji?" Weluding'i ndani? Wowotcherera amamata zitsulo ngati phala. Wosula amachifewetsa chitsulo, n'kuchilamula. Amalume anga ku Katete ankasula makasu, dzina la ntchitoyi ndikulidziwa. Anthu a m'tauni muno chilankhulo anachisiya m'basi. Ndatenga penti yofiira, ndalemba pa geti zilembo zoti ndi wakhungu yemwe aone: PANO TIMASULA.

Aphunzire Chinyanja chenicheni.

Lachitatu

M'mawa ndikupeza ba Mulenga atagwira geti langa ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe. Ndimati kwagwa maliro. Akuseka.

"Ba neba, mu Chibemba kusula ni kutaya mphepo ya kumbuyo. Manje mwalemba timasula. Ni banja yonse?"

Ndawauza kuti kuno si kwawo ku Kasama. Asanachoke, afika bina Mutinta, mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu, nkhope ili gwa. Kwawo ku Chitonga, akuti, kusula ndi kudana ndi munthu. "Takulakwilani chani kuti mutizonde mpaka kulemba pa geti?"

Mawu amodzi, milandu iwiri! Tauni yanji iyi, yoti munthu sunganene ntchito yako osatukwana mtundu wina? Sindifufuta. Penti ndi yanga, geti ndi langa, mawu ndi a makolo anga.

Masana minibasi yaima panja. Kondakitala akukuwa: "Pa Timasula! Alipo oseluka pa Timasula?" Basi yonse gwedegwede ndi phwete. Zaka zonsezi siteji imeneyi inalibe dzina.

Ndabwerera ku moto ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umathandiza pa hamala. Mlomo wayamba kupindika ndithu. Kenako makina a tsitsi atsokomola, atulutsa utsi wabuluu ndi fungo la mbuzi yowaula. Zii. Ndawagwedeza, ndawapemerera, ndawanyoza. Ndawabwezera m'kabati mmene ndinawapezera, chingwe chokulunga bwinobwino.

Lachinayi

Adziwa. Mphuno ya amake Dali ikanakhala ya boma, akuba akanatha m'dziko muno.

"Dilaya yanga inunkha malasha. Ifotokozeni." Ndafotokoza mosabisa, monga mwa khalidwe langa. Tiyi ndadzithirira ndekha.

Palibe kanthu. Amalume analibe magetsi, ankapemerera ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Mbuzi ndilibe, koma chubu cha tayala la lole chilipo. Ndadula, ndamanga ndi waya kupaipi, mbali inayo matabwa awiri ogwirira. Luso la m'mutu mwanga, m'foni mulibe zimenezi!

Ukugwira ntchito. Moto ukuyaka kuposa dzulo. Vuto ndi limodzi: mphira ukapanikiza umalira. Pwiii. Ukatsegula, fwooo. Ukapanikizanso, pwrrr. Ndayesa kuthira mafuta, wangosintha nyimbo.

Kuseri kwa mpanda, mawu a ba Mulenga: "Ba neba, mwayamba nchito?" Kenako akuitana akazi awo kuti adzamve. Kenako akazi awo akuitana mlendo wawo.

Ndimafuna kuwaponyera hamala, koma hamala ndi imodzi.

Zowonongeka lero:
- beseni lochapira la pulasitiki (ndinaviikamo chitsulo chamoto, chinapitirira mpaka pansi)
- nsidze yakumanzere
- ulemu wanga mu Dambwa yense

Zopindula: mlomo wa nkhwazi watha. Ukuoneka ngati mlomo, ukauyang'ana cham'mbali.

Lachisanu

Tsiku lolumikiza. Thupi ndi thanki ya njinga yamoto. Mapiko ndi makasu awiri akutha, ndawasula mpaka kupyapyala. Nthenga za m'khosi ndi masupuni akale, ena mwina si akale kwenikweni. Zonse ndamanga ndi waya ndi mabawuti, poti ine si weluding'i.

Mphepo yatembenuka masana. Nthethe za moto zaulukira pa chingwe choyanikira zovala. Mwa zovala zonse zili pamenepo, masokosi anga, matawulo, sanza zopukutira, moto wasankha bulauzi yoyera ya amake Dali ya kutchalitchi. Timabowo tating'ono, tambiri, pamsana ponse ngati sefa. Ndaitembenuza kuti kutsogolo kuyang'ane kunyumba.

Nkhwazi yaima! Khosi likugwa pang'ono, ndaliikira mwala kumbuyo. Ndatsegula geti kuti anthu aone. Zimene anena:

Bina Mutinta: "Ni nkhanga yodwala?"
Ba Mulenga: "Yamene iyi ndiye yenze kulila mailo?"
Wogulitsa makala: "Bosi, ngati ni sikirapu nizibako ogula pa kilo."
Amake Dali nawo atuluka m'nyumba. Aima, ayang'ana nkhwazi, ayang'ana malo, akuyeza ndi mapazi kuchokera pa mango mpaka pa mpanda. Madzulo kwafika mpukutu wa waya wa khola, autsamiritsa pakhoma pomwe ndingauone.

Anthu osadziwa luso. Mawa kubwera wodziwa.

Loweruka

Ndasamba, ndavala shati, nsidze ndadetsa ndi khala. Takisi ya mlamu Mubita yaima pa geti. Mlamu akuwerenga chikwangwani, akuluma mlomo, sakumasulira mlendo. Mulungu amudalitse pa chimenecho chokha.

Mayi wa loji ndi wamtali, chipewa chachikulu, magalasi akuda. Waizungulira nkhwazi kamodzi. Wagwira phiko, khosi lagwa, mwala wagubuduka. Walankhula Chingerezi chofewa, chomwe ndamva bwinobwino, koma mlamu wamasulirabe mokweza kuti a kuseri kwa mpanda asaphonye: "Bakuti ni nkhukundembo yabwino, koma balibe poiika."

Akutembenuka kuti azipita, waona ng'anjo. Wavula magalasi. Wagwada pa phulusa ndi thalauza loyera! Akusisita dzimbiri la diramu, akujambula ndi foni, wapanikiza mvukuto. Pwiii. Waseka mpaka chipewa kugwa, wapanikizanso. Akuti chimenechi ndiye chenicheni, cha Afirika weniweni, alendo ake azikhala mochizungulira madzulo akumwa vinyo, aliyense azipopa yekha.

Afirika weniweni! Mabuleki a lole ya ku Japani!

Ndamuuza mosapita m'mbali: ng'anjo sigulitsidwa, chogulitsa ndi mbalame. Mlamu wandikoka shati: "Mulamu, ganizani bwino. Lelo ni Chiweru." Ndayang'ana pakhomo la khitchini. Amake Dali aima pamenepo, manja m'chiuno, atavala bulauzi ija dala, kuti ndione kuti aona. Pambali pawo mpukutu wa waya.

Lamulo linati kugulitsa kanthu. Silinati kanthu kanji.

Ndagulitsa. Diramu, miyendo, paipi, mvukuto, zonse m'buti ya takisi, zikadali zofunda. Pokweza, chubu chalira komaliza. Ba Mulenga avula kapu.

Ndapambana! Malo ndi anga! Ndanena mokweza kuti Dambwa amve.

Lamulungu

Kutchalitchi apita ndi bulauzi yobwereka. Ine ndatsala, mutu ukuwawa, mapewa ngati ndasenza njanji.

Zimene anapereka mayi uja sizinagone m'thumba mwanga. Zapita ku dilaya, beseni, bulauzi ndi masupuni. Repu andikhululukira.

Ndakhala pa malo anga. Anga ndithu, palibe akutsutsa. Pali njanji, hamala, bwalo lakuda pamene panali ng'anjo, ndi nkhukundembo. Ndayesa kumenya chitsulo chozizira. Chandibwezera m'dzanja mpaka m'mano.

Pobwera kutchalitchi amake Dali andipeza pamenepo. Mawu ofatsa, a munthu amene wangodya mgonero: "Mwawina, batate ba Dali, malo ni yanu. Manje poti mulibe posulila, nibwelekeniko chabe. Mukapeza diramu ina, nkhuku zizachoka."

Diramu ina. Ndikudziwa, iwonso akudziwa, kuti nkhuku ikalowa pamalo sichoka ndi miyendo yake.

Andipatsa chitini cha misomali yakale yopindika, akuti ya khola, yatsopano yadula.

Ndiye ndili pano, pansi pa mango, ndikuwongola misomali pa njanji yanga. Kho, kho, kho. Umodzi umodzi. Ikuwongoka bwino zedi, mwaukatswiri, moti ba Mulenga asuzumira pampanda n'kunena kuti dzanja ndili nalo.

Sabata yonse, ndi chinthu choyamba chimene chatuluka monga ndimafunira.