Tsiku Limene Ndinavindikira Buledi ku Bergen

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma popeza mkazi wanga, mayi a Chifundo, amaikamba mothira mchere paliponse pamene Amalawi a kuno ku Scarborough, dera la mu Toronto, takumana, ndi bwino muimve kwa mwini wake.

M'zaka za m'ma 1970 ndinkagwira ntchito mu labu ya chipatala china mu Toronto. Mnzanga wa pantchito, Olav, anatiitana ine ndi mkazi wanga kukaona kwawo ku Bergen, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku Norway. Tili m'ndege ndinalangiza mayiwa: "Kumeneko Mmalawi sanamuonepo. Chimene tikachite ife adzati ndi Malawi yense. Musakandichititse manyazi."

"Ndamva, a hedimasitala."

Mzindawo ndi wokongola, ngakhale mvula yake ilibe mwambo. Tinakwera phiri pa kasitima kokokedwa ndi chingwe, tinayenda mumsika wa nsomba, tinaonanso nyumba zakale zamatabwa zopendekeka padoko. Olav ankazinyadira. Ine chamumtima ndinati kumishoni kwathu mmisiri womanga zotere akanamuchotsa ntchito.

Lamlungu amayi ake a Olav anaitana abale kuti adzadye nafe wani koloko. Ine ndinalowa m'chipinda chodyera kutatsala mphindi zisanu, monga mwa khalidwe langa, ndipo munalibe munthu. Patebulo panali buledi wodulidwa bwino, wina ali ndi nsomba ya m'viniga ndi anyezi pamwamba, wina tchizi chofiirira chotsekemera, wina jamu. Koma yense wosavindikira!

Ndinamva chisoni. Mayi wokalamba, alendo ambiri, waiwala buledi wapamwamba. Sangweji ndinkaidziwa ine: pansi buledi, pamwamba buledi. Ndinayamba kuphatikiza awiriawiri motsata mzere, kuti ndiwabisire manyazi. Nsomba inakumana ndi jamu.

Mkazi wanga anatulukira. "Bambo a Chifundo! Mukutani?"

"Ndikukonza. Khalani chete."

"Wakutumani ndani?"

Ndisanayankhe, anthu analowa. Gogoyo anayang'ana tebulo, nayang'ana zala zanga za jamu, kenaka analankhula m'chinenero chawo. Olav anatsokomola. "Kwathu kuno buledi sitivindikira. Amayi akufunsa ngati kwanu mumadya chonchi."

Apa munthu woongoka akanangopepesa. Ine, amene ndinakwapulidwa kumishoni kuti ndidziwe kuti bodza ndi tchimo, ndinati, "Inde. Ndi ulemu wa kwathu."

Gogoyo anawomba m'manja, nalamula kuti aliyense adye chimalawi polemekeza alendo. Amalume ake a Olav, msodzi wa ndevu zoyera, ankatafuna misozi ili mbwembwembwe, akugwedeza mutu mwaulemu. Mkazi wanga atapatsidwa anakana momwetulira: "Ine ndine wa ku Ntcheu. Mwambo umenewu ndi wa kwawo kwa abambowa."

Ine ndinamaliza yanga, poti chakudya sichitayidwa. Gogoyo ataona mbale yayera, anandiikiranso ina!

Kukoma kwake ndinaiwala. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti kwinakwake ku Norway kuli banja la anthu abwino lokhulupirira kuti Amalawi timadya nsomba ndi jamu, ndipo mboni yake ndine.

Titabwerera ku Toronto, Khirisimasi iliyonse Olav ankabwera ku labu ndi kaphukusi kokulungidwa bwino. "Amayi akuti ndikukonzereni cha kwanu, kuti musamapukwe." Ndipo ankakhala pompo mpaka nditameza.

Kwa eni ukapeza chinthu chosavindikira, manja m'thumba, uvindikire pakamwa pako.