Mayi wa Ana 99 Akufunika Lolemba

Kwa Bwana Mkulu wa Ofesi ya Kafukufuku,

Wolemekezeka Bwana,

Ine wantchito wanu wa pa desiki yoyandikana ndi chimbudzi, ndagwira mwendo wanu kuti mundilole ndikuthokozeni pagulu.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kanonikolo koreleshoni mutaima pakhomo, foni ili kukhutu. Munati n'zosavuta: mbali ino ndiike za pabanja, monga zaka ndi ana, mbali inayo za chuma, monga nkhuku ndi njinga, kenako ndidine batani kuti kompyuta inene ngati magulu awiriwa amayendera limodzi. Ndinadinadi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lakuti funso losayankhidwa tizilembapo 99, poti bokosi lopanda kanthu limaonetsa ulesi. Tonse munatiuza, kupatula kompyuta. Iyo, mwaulemu wake, inangokhulupirira. Mayi uja anatitsekera chitseko pa kafukufuku osayankha kalikonse tsopano ali ndi zaka 99, ana 99, nkhuku 99 ndi njinga 99. Oterewa achuluka, pakuti sabata ya kafukufukuyo kunatentha, ndipo mlamu wanu wofunsa mafunso anaithera pansi pa mtengo. Kompyuta inapeza mgwirizano wa 0.98, pomwe wathunthu ndi 1, inu n'kuvina m'khonde mutavula jekete.

Chachitatu, nditayesa kukunong'onezani kuti ma 99 aja ndiwo anamiza kompyuta, munati ndili ndi kaduka. Lipoti linapita kwa otithandiza ndi ndalama, lonena kuti kubereka kumabweretsa njinga. Iwo akondwa kwambiri moti akubwera Lolemba kudzamuona mayiyo ndi maso awo, ndipo mwati ndikapanda kumupeza ndilongedze katundu. Ndili ndi mantha, Bwana. Mkazi wanga ndi woyembekezera, ndipo chiwerengereni lipoti lanu akungondifunsa kuti njinga yake ifika liti.

Komabe sindinakhale manja lende. Mayi ndamupeza: azakhali anga avomera kunamizira kuti ndi iwo, bola alendowo asawafunse zaka. Nkhuku ndibwereka kwa aneba. Za njinga tidzanena kuti ana apita nazo kusukulu, ngakhale anawo ataima pomwepo, poti alendo athu sakonda kufunsa zambiri.

Chatsala ndi ana basi. Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti mundibwereke abale anu onse amene munawalemba ntchito muofesi muno, kwa m'mawa umodzi wokha. Ntchito siima, musadandaule. Ndinawawerenga pa nthawi ya tiyi, ndipo mukabwera nanunso akwana 99 ndendende.

Ine wanu wodina batani mokhulupirika,

Kalaliki wa pafupi ndi chimbudzi