Maliro a Ana Anga ku Nsanama

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimalakalaka nditasamukira ku Mozambique, koma poti kwathu ku Nsanama aliyense akuidziwa, imvani inunso.

Ndimagwira ntchito mu labu ina ku Balaka. Timasunga maselo amoyo a chiwindi, tinthu ting'onoting'ono topanga chiwalocho, m'kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kokhala ndi timipata toonda kuposa tsitsi. Pampu imakankha madzi a chakudya pang'onopang'ono m'timipatamo, ndipo maselowo amafuna kutentha ngati kwa thupi la munthu. Akangozizidwa, kapena kathovu ka mpweya kakalowamo, basi atha. Poti timawalera ngati makanda, ife a mu labu timangowatchula kuti ana.

Tsiku lina masana magetsi anazima, jenereta n'kukana kulira. Ine ndinali nditatuluka kukadya chipisi. Pobwerako ndinasuzumira pa maikulosikopu: onse atafufuma, akuyandama. Ntchito ya miyezi yambiri!

Chisoni chitandikwana, ndinaimbira amayi.

"Amayi, ana anga afa. Onse."

"Ana ati, Yohane?"

"Amene ndakhala ndikulera kuno ku Balaka."

Foni yanga inazima pomwepo, batire itatha. Sindinalabade. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kuti ndikapumeko kumudzi.

Nditatsika pa kabaza, ndinaona masamba atayalidwa panjira yolowera kwathu. Azimayi a kwaya akuimba motsitsa, azibambo ali duu pansi pa mango. Mayi wina anandigwira mkono n'kuti, "Pepani, limbani mtima."

Ndinaponya chikwama uko.

"Amayi anga ine! Amayi anga!"

Ndikugubuduka m'fumbi choncho, ndinangoona amayiwo akutuluka m'nyumba, amoyo ndithu, maso ali psuu. Pambali pawo panali Esinati, chibwenzi changa chimene ndinali nditachita nacho kale chinkhoswe. Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndisanafunse kuti wamwalira ndani, atsibweni, achimwene awo a amayi, anandikokera kuseri kwa nyumba. Anthu anatitsatira mwakachetechete.

"Yohane, ana ako aja chawapha n'chiyani?"

Ine mumtima ndinati, koma atsibweniwa ndi munthu. Pakati pa maliro akukumbukirabe za ntchito yanga.

"Njala ndi kuzizira, atsibweni."

"Njala? Iweyo unali kuti?"

"Ndinakadya chipisi."

Kumbuyo kwanga wina anati, "Mayo!"

"Analipo angati?"

"Aaa, ambirimbiri. Sindinkawawerenga bwinobwino. Amaswana mwachangu."

Atsibweni anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho.

"Nanga mayi wawo?"

"Alibe mayi. Anabwera mu botolo kuchokera ku Blantyre."

"Mwana iwe usasewere nane! Anyamata akudikira kuti akakumbe manda. Mitembo ili kuti?"

Mawu akuti manda ndinawamva, koma pakamwa panali patathamanga kale.

"Ndinaithira mankhwala n'kuitaya mu sinki."

Esinati anakuwa, n'kuvula mphete, n'kundigenda nayo pachipumi. Akatekisi anachita chizindikiro cha mtanda. Apo m'pamene mutu unatseguka: maliro onsewa anali a ana anga a mu labu aja!

"Iyayi! Iyayi! Si anthu! Ndi maselo!"

"Maselo ndi wachingati?" anafunsa atsibweni.

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Ndinajambula kachipangizo kaja pansi ndi kamtengo, timipata take, pampu yake. Anthu ankangoyang'anizana. Mbuzi inali itaphedwa kale, abale ena atachoka ku Ntaja m'bandakucha, ena kunyanja ya Chiuta atasiya nsomba pa thandala. Anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, osatsanzika. Esinati anatola mphete yake, koma anaimanga pa nsonga ya chitenje, osati pa chala. Mpaka lero ikadali pomwepo, akuti akuganizabe.

Pabwalo titatsala awiri tokha, amayi anakhala pa mkeka n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti panalibe mwana ngakhale mmodzi?"

"Panalibe, amayi."

"Zaka zonsezi ku Balaka, wosabereka ngakhale wobisa?"

"Eya, amayi."

Anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira mokweza kuposa poyamba.

Anzanga, chisoni cha kuntchito muzichisiya pa geti, kumudzi amachiphera mbuzi.