Matenda Amene Ndinayesera Mkamwini

Ine si munthu wothamangira kuweruza anzanga, koma zimene ndinachita ku Greenbelt, ku Amereka, m'zaka za m'ma 1990 zinandikweza pamachira ndili bwinobwino, mpingo wonse ukuonerera.

Mayi a kunyumba atatisiya, ndinatsala ndi mwana mmodzi yekha, Tiyamike. Tsiku lina anabwera ndi mnyamata wa ku Chipata, a Daka, n'kunena kuti ndi dokotala ndipo akufuna kumanga naye banja. Ndinawalandira bwino. Koma nditapita kukazonda mkulu wina wa kumpingo kunyumba yosungirako okalamba ku Alexandria, ndinapeza adokotalawo akuyala bedi, chidebe cha mikodzo chili pambali.

"Ababa, mapepala a ku Lusaka kuno sawawerengera," anatero Tiyamike nditamufunsa. "Ayenera kulembanso mayeso onse."

Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinati, kodi chiwindi cha ku Lusaka ndi cha ku Amereka n'zosiyana? (Ndinali nditamvapo za anyamata amene amakwera ndege ali makondakitala, n'kutsika ali mainjiniya.) Mwana wamasiye sindikanamupereka kwa munthu wabodza. Ndinapemphera mlungu wathunthu, ndipo nzeru imene ndinatuluka nayo sindikhulupirira kuti inachokera kumwamba.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, anthu akumwa tiyi, ndinagwira pachifuwa n'kubuula pang'ono. Ndinkati ngati ndi dokotala weniweni aona kuti ndilibe kanthu, ngati ndi wabodza ayamba kutchula matenda.

A Daka anagwada, anandigwira pamkono akuyang'ana wotchi, kenako anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Atate, ululu ukufika kudzanja lamanzere?"

"Ukufika," ndinayankha, poganiza kuti ndiyo mbali yoyenera.

"Tiya, imba foni, ambulasi ibwere msanga."

"Ayi, a Daka, tangondipimani inuyo. Si paja ndinu dokotala?"

"Kwathu, atate. Kuno lamulo silindilola kukulemberani ngakhale mankhwala a mutu."

Ndinayesa kudzuka, koma Mayi Phiri, amene amatsogolera amayi pampingo pathu, anandikanikiza paphewa. "Gonani, bambo! Amuna mumafa chonchi, n'kumati palibe kanthu." Amayi ena anayamba nyimbo ya kumaliro, abusa n'kuwasinthitsa. Tiyamike ankalira ngati tsiku la maliro a mayi ake, ndipo apa ndiye pachifuwa panayamba kuwawa zenizeni.

Anyamata a ambulasi anadula ndi sizasi shati yanga ya Lamlungu. Kuchipatala anandimeta pachifuwa, anandimata timawaya, anatenga magazi, n'kundigoneka mpaka m'mawa mwake. Sanapeze kanthu.

A Daka anabwera kudzanditenga okha. Tili m'galimoto anati, "Atate, mtima wanu dzulo unkagunda bwino kuposa wanga."

"Ndiye munadziwa? Bwanji osanena?"

"Ndikanati mulibe kanthu, inu n'kugwa zenizeni, ine wopanda laisensi ndikanayankha chiyani kukhoti? Komanso dzanja lamanzere munavomera nokha."

Ndinayang'ana pawindo. "Tiyamike mwamuuza?"

"Za odwala sitiulula, atate."

Tisanafike pakhomo ndinawauza kuti atumize ankhoswe. Mayeso aja anawavuta zaka zingapo, koma anakhoza, ndipo chinsinsi changa anachisunga bwino kuposa mmene ndinkafunira. Kuyambira tsiku limenelo Tiyamike anandiletsa mchere, nyama yamafuta ndi shuga wa mutiyi. Ndikadandaula amati, "Afunseni adokotala." Adokotalawo amangogwedeza mutu mwaulemu, uku akudzithirira mchere m'mbale mwawo.