Jekete yanga ya Shop-soiled

Pali tsiku limene ndikalikumbukira ndimatuluka thukuta ngakhale mu Juni, ndipo wondilakwira panalibe. Ndinadzikola ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki woyeza masamba a tiyi ku esiteti, ndipo pa Chingerezi ndinkadziyesa katswiri (anthu ankabwera kuti ndiwawerengere makalata, ndiye mutu unakula). Litayandikira tsiku lokaonekera kwa makolo a bwenzi langa Esinati ku Gaza, komboni ya m'tauni ya Chipinge, ndinakwera basi kupita m'taunimo kukafuna jekete.

Ndinaiona pawindo la sitolo ina, yabuluu, itavekedwa chidole. Pamkono panali kapepala kolembedwa kuti "Shop-soiled", ndipo mtengo wake unali wotsika modabwitsa. Ndinati basi, limeneli ndi dzina la kampani ya ku Mangalande, eni sitolo sakudziwa chimene akugulitsa.

"Achimwene, muyambe mwaona phewali," anatero wogulitsa.

"Ndikuidziwa imeneyi, ingokulungani." (Ndinkaopa kuti angazindikire n'kukweza mtengo.)

Loweruka tinafika ku Gaza ndi amalume anga. Anatikhazika panja, dzuwa lili phwee. Bambo ake a Esinati, a Mbewe, anaiyang'ana jekete ija nthawi yaitali.

"Jekete yabwino," anatero.

Ndikanangothokoza, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ayi.

"Ndi Shop-soiled yeniyeni, bambo. Kuno sizipezekapezeka."

Amalume anagwedeza mutu monyadira.

"Sizipezekadi," anatero a Mbewe mofatsa. "Imeneyo inakhala pawindo zaka zitatu. Ndinkaisasa fumbi ndine m'mawa uliwonse ndisanapume pantchito m'sitolo imeneyo. Kapepalako ndinalemba ndi dzanja langali. Mawuwo amatanthauza katundu amene wafwifwa chifukwa chokhalitsa poonetsa m'sitolo. Taonani phewa lakumanzerelo."

Ndinayang'ana. Kumanja kunali buluu, kumanzere kuli mbuu ngati phulusa. Kuseri kwa chitseko Esinati ndi ang'ono ake ankalephera kubisa phwete. Amalume anayamba kuyang'ana nkhuku zimene zinkadutsa ngati sanaonepo nkhuku. Mumtima ndinati ukwati wathera pano.

A Mbewe anandisiya ndipse kaye, kenaka anati, "Munthu wodziwa kusaka zotchipa sangamugoneke ndi njala mwana wanga. Koma Chingerezicho, bambo, muzifunsako."

Mkazi anandipatsa. Kufunsako ndiye kunandikanika. Chaka chotsatira ndinagula wailesi yolembedwa kuti "As is", n'kumauza anthu kuti ndi kampani ya ku Japani, osadziwa kuti mawuwo akutanthauza kuti ugule mmene ililimo, ikafa n'zako. Inalira masiku awiri.