Kafukufuku wa Makina Oyankha a mu Foni

Lolemba
Monga mwa udindo umene komiti ya makolo yandipatsa, ndikuyamba lero kufufuza makina oyankha mafunso a mu foni, otchedwa AI. Mlandu wake: akuti akuumitsa mitu ya ana a sukulu. Loweruka ndipereka lipoti. Likawapeza olakwa, ana onse alandidwa mafoni. Foni ya mwana wanga Tisa ndaitenga ngati umboni. Sakundiyankhula.

Lachiwiri
Ndikufunsa oimbidwa mlanduwo maso ndi maso: "Kodi mumaononga ana?" Akuyankha kuti zimatheka, ngati mwana angokopera osaganiza. Chibadwire sindinaonepo wovomera mlandu mwaulemu chotere. Ndawapepesa powavutitsa.

Lachitatu
Mayeso a Tisa, popanda foni. Funso: n'chifukwa chiyani madzi a pa kasupe wa Chinyunyu amatuluka otentha?
"Nipatseni foni, atate."
Ndikukana. Kenaka Tisa akufotokoza za miyala yotentha ya pansi pa nthaka. Pofuna kudziwa ngati wakhoza, ndikufunsa makina kuseri kwa nkhokwe. Wakhoza. Makinanso akhoza.

Lachinayi
Mafunso oonjezera, onse m'dzina la komiti:
1. Mankhwala a anankafumbwe.
2. Chotsokomoletsa mbuzi.
3. Mawu oyankhira alamu anga osawakwiyitsa.
Mayankho onse ndi apamwamba. Amake Tisa akufunsa ngati tiphe tambala kapena thadzi. Ndikuwapempha adikire pang'ono. "Nazonso mufunsa foni?" akutero. Makina akuti tambala.

Lachisanu
Lipoti landikanika pa chiganizo choyamba. Makina akulilemba lonse madzi a tiyi asanawire. Muli ngakhale mawu amene makinawo akudzidzudzula nawo okha. Kudzichepetsa kwake!

Loweruka
Ndikuwerenga lipoti, makolo akuomba m'manja. Kenaka ba Hedi a sukulu akuimirira: "Tamva. Nanga inuyo, atate a Tisa, muganiza bwanji?"
Dzanja likupita lokha m'thumba. Netiweki palibe. Ndikuima chilili, anthu akudikira, wina akutsokomola.
Chigamulo cha msonkhano: ana asunge mafoni, koma aziyamba ayesa okha asanafunse makina. Wofufuza alandidwe foni pompano.

Lamlungu
Foni yabwerera kwa mwini wake. Tisa wandilola funso limodzi pa tsiku, koma ndiziyamba ndanena maganizo anga. Lamuloli ndalilandira popanda apilo. Chibwerere ku tchalitchi ndili pakhonde. Funso ndili nalo kale, labwino ndithu. Maganizo anga okha ndiwo sanafike, ndipo ndikuwadikira.