Galimoto ya Alamu Ili pa Njerwa

Lolemba

Chiwongolero chikunjenjemera. Osati nthawi zonse, koma ndikangoponda buleki. Phazi nalo likubwezedwa, gu gu gu.

Vuto ndi loti galimoto si yanga. Ndi ya alamu a Gondwe, mlongo wake wa mkazi wanga, yofiira yotsika pansi imene anakaitenga okha ku Dar. Ali ku Lilongwe ku maphunziro a kuntchito, abwera Lamulungu. Makiyi anasiyira ine, osati abale awo odzaza Katawa yense. Chikwatirireni mlongo wawo, aka n'koyamba kundikhulupirira ndi chinthu choposa wilibala. Anati: "Muzingoiliza m'mawa kuti batire isathe, alamu. Basi."

Dzulo ndinailiza mpaka ku Nkhata Bay. Wondilowetsa m'mayesero ndi Chisale, mnzanga wa ku laibulale ya ku yunivesite. Akuti galimoto yotere ikangokhala imadwala. Zitunda zija tinatsika ngati tikuthawa njuchi, pakona iliyonse buleki mpaka pansi. Kumunsi matayala akutsogolo ali tolotolo utsi. Mwamwayi mutu ndili nawo: ndinakhuthulira chigubu chonse cha madzi ozizira, monga ndimaonera a malole. Psiii! Utsi zii.

Pulani:
1. Kukonza mwakachetechete.
2. NyaGondwe, mayi wa kunyumba, asadziwe.
3. Pofika Lachisanu nkhani yatha.

Lachiwiri

Chisale akuti ndi mpweya wa m'matayala. Ndapopetsa. Ikunjenjemerabe.

Mlonda wa pageti akuti mabawuti amasuka. Ndamanga mpaka matuza m'manja. Ikunjenjemerabe!

A Dokotala ena ophunzitsa sayansi andijambulira mivi pabolodi kwa theka la ola, kenako n'kundiuza kuti iwo amayendera minibasi. Mu Mzuzu muno aliyense ndi makaniko, bola galimoto ikhale ya wina.

NyaGondwe wafunsa za girisi wa pamalaya. Ndati ndi mashelefu a ku laibulale. Wangoti, "Ehe?" Ehe ameneyo sindinamukonde.

Lachitatu

Ndaitanitsa a Nyirenda, makaniko wa ku Chiputula, kuti abwere kwathu ku Lupaso kuno. Kupita nayo ku galaja sindingayerekeze, galimoto yofiira sibisika.

Agulula matayala akutsogolo, andionetsa disiki, mbale yachitsulo imene mapadi amaikanikiza ukaponda buleki. Zimene tapeza:
mawanga abuluu, umboni woti inapsa;
mizere yoti chikhadabo chikukodwamo;
mapadi osalala ngati galasi.

Kenako agwira choko pafupi ndi disiki, osachigwedeza, ine ndikuzunguza. Choko chalemba mbali imodzi, mbali ina osakhudza n'komwe. Yapindika. Ya kumanzere chimodzimodzi.

"Adada, chitsulo ichi chili chotentha munachithira vichi?"

"Madzi," ndayankha, chifuwa patsogolo.

Avula chipewa, akhala pa tayala. Akuti chitsulo chopsa chotero umachisiya chizizire chokha, ukachidzidzimutsa ndi madzi chimakhota. Ndatchula za a malole. Akuti mabuleki a lole ndi ena, ndiponso lole si ya alamu anga. Ndiye kuti nzeru zanga zija ndi zimene zapha galimoto. Ndapsa mtima koma wopsera mtima palibe.

Jeke ali nayo imodzi, akuifuna kwina. Tabwereka njerwa kwa a Mwale oyandikana nafe, amene akumanga zipinda zoti azikhalamo ana a yunivesite. Galimoto ya alamu ili pa njerwa.

NyaGondwe wabwera kuchokera kumsika, waima, wayang'ana, walowa m'nyumba. Nambala 2 pa pulani ija ndafufuta.

Lachinayi

Kusaka madisiki tauni yonse, mvula ikuwaza. Mashopu asanu, mitu isanu yopukusidwa. Che Saidi ogulitsa masipeya angoiona disiki n'kuseka: "Achimwene, galimoto imeneyi mu Mzuzu ilipo imodzi, ndipo mwini wake tikumudziwa tonse." Zikomo kwambiri, Che Saidi, mwanditonthoza.

Atsopano akuti mpaka achokere ku Dar, masabata atatu. Ine ndili ndi masiku atatu.

Njira yotsala ndi yokapalitsa pa makina kuti awongoke. Ndawaika m'thumba la feteleza, ndakwera kabaza. Wakabaza wafunsa ngati ndanyamula mphero. Pachitunda watsika, ine ndatsika, tonse tikukankha njinga. Munthu wa digiri!

Lachisanu

Lero ndi tsiku limene nkhani imayenera kutha.

Mkulu wa makina wapala imodzi, yatuluka yowala bwinobwino. Inayo wayeza, wandionetsa kanambala kodindidwa m'mphepete mwake, akuti kuonda kwa disiki kumalekezera pamenepo. Akuti akaipala itsala chiwaya chokazingira chipisi. Ndachonderera. Ndamutchula adada, ndamutchula bwana mkubwa. Akuti safuna maliro pamutu pake.

A Nyirenda nawo akana kumanga imodzi yowongoka, ina yokhota. Anthu onse asanduka oopa Mulungu sabata imodzi yomweyi.

A Mwale atumiza uthenga: amisiri afika pa mawindo, njerwa zawo khumi ndi ziwiri akuzifuna. Ndawapempha apirire mpaka mawa. Akuti ana a sukulu sadikira.

Loweruka

Chisale watulukira ndi madisiki awiri ochokera pa galimoto ina yakufa. Mabowo ake anayi. Ya alamu ndi ya mabawuti asanu. Akuti tingobowola lina. Ndamuperekeza mpaka pageti ndisanachimwe.

Ndatsuka galimoto, ndapaka polishi, ndapukuta ndi mkati momwe. Pamwamba ikuwala mochititsa kaso. Pansi njerwa.

Alamu aimba foni: "Kamwana kanga kali uli?" Ndati kakupuma. Si bodza.

Ndapempha NyaGondwe kuti ayambe ndiye kuwauza, poti magazi ndi amodzi. Akuti: "Nkhuku ndipha, ndiphika. Koma pakamwa ndi panu." Ndikuopa, ndivomere.

Lamulungu

Alamu afika titangoweruka ku tchalitchi, ali mu suti. Moni wautali wa kuno, wofunsa ana, ntchito, mvula, ndi chifuwa cha apongozi. Kenako tazungulira kuseri kwa nyumba.

Aizungulira kawiri. Anjuta ndi suti yomweyo, atola disiki yabuluu ija, aisisita ndi chala. Ndaulula zonse: Nkhata Bay, zitunda, chigubu. Chisale ndamutchula katatu, koma sizinathandize.

Ndimadikira kuti akalipe, ndinali nditakonzeka. Ayi ndithu. Adya nkhuku, ayamikira mlongo wawo, aseka ndi ana. Atambasula dzanja, ndaikamo makiyi. Akuti mawa atumiza lole idzainyamule, ndisavutike ndi kalikonse. Potuluka aona wilibala yawo imene ndinabwereka chaka chatha, aikankha okha mpaka kumsewu.

Pageti andigwira chanza mwaulemu wonse: "Yewo chomene, bwana. Tsalani bwino."

Bwana. Chilowereni m'banja lino sananditchulepo china koma alamu. Ndaima pagetipo mpaka wilibala yasiya kumveka kulira, kenako ndalowa kukathandiza NyaGondwe kutsuka mbale.